Tambala, makwerero ndi misomali pa chithunzi cha Yesu: chinali chithumwa kapena pemphero?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene anakulira mu mpingo wosapachika zithunzi m'tchalitchi. Akuti anaona pa intaneti chithunzi chakale cha ku Ulaya, cha m'zaka za m'ma 1400. Yesu waima m'manda, akuonekera kuyambira m'chiuno, mabala ali poyera, ndipo momuzungulira mwamwazikana tambala, makwerero, hamala, misomali, mkondo, thumba la ndalama ndi dzanja lopanda mwiniwake. M'munsi mwake muli mawu olonjeza chikhululukiro cha zaka masauzande. Mayiwa akufunsa kuti: "Zinthu zimenezi zikutanthauza chiyani, nanga anthu ankatani nacho chithunzichi? Kwa ine chikuoneka ngati chithumwa. Kodi uku sikunali kupembedza mafano?"

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo nkhawa yanu si yachilendo, chifukwa anthu a nthawi imeneyo ankakangana pa nkhani yomweyi. Koma tiyambe ndi zimene maso anu aona.

Chithunzi cha mtundu umenewu pa Chilatini chimatchedwa Imago pietatis, ndipo ambiri amachitcha Munthu wa Zisoni, potsata mawu a pa Yesaya 53:3. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti zimene chikuonetsa simungazipeze mu Uthenga Wabwino uliwonse. Bala la m'nthiti lilipo, kusonyeza kuti Yesu wafa kale, koma waima chilili, pena maso ali otseguka. Asilikali palibe, khamu palibe, phiri la Gologota palibe. Wojambula anachotsa dala zonsezi kuti patsale anthu awiri okha: Yesu ndi inu amene mwanyamula pepalalo. Cholinga chake sichinali kukusimbirani nkhani ya Lachisanu Loyera, pakuti imeneyo munkaimva kale m'tchalitchi chaka ndi chaka. Ankafuna mukhale pansi, muyang'anizane naye.

Tinthu tomwazikanato tinkatchedwa Arma Christi, zida za Khristu, ndipo ntchito yake inali ngati ya mfundo imene amayi amamanga pakona ya chitenje kuti asaiwale zimene atumidwa. Kanthu kalikonse kanamangirira gawo limodzi la masautso a Yesu. Thumba ndi la ndalama 30 zasiliva za Yudasi. Nyali ndi ya amene anabwera kudzamugwira usiku m'munda muja. Mukaona lupanga lokhala ndi khutu, ndi la Petro. Tambala, amene kawirikawiri amamuimika pamwamba pa mzati, ndi uja analira Petro atamukana Mbuye wake katatu, ndipo mzatiwo ndi umene anamangirirapo Yesu pomukwapula. Kenako pali beseni la Pilato, chisoti chaminga, bango, malaya opanda msoko pamodzi ndi maere amene asilikali anachita, chinkhupule cha vinyo wosasa ndi mkondo. Makwerero ndi chozulira misomali sizitchulidwa m'Baibulo, koma anthu ankalingalira kuti Yosefe wa ku Arimateya sakanatsitsa mtembo popanda zimenezi. Nsalu yokhala ndi nkhope ya Yesu ndi ya Veronica, nkhani yochokera m'mwambo wa mpingo osati m'Malemba. Munthu wopemphera ankayendetsa chala kuchoka pa kanthu aka kupita pa kena, akuima paliponse kusinkhasinkha, mpaka usiku wonse wa Lachinayi ndi tsiku lonse la Lachisanu zitadutsa mumtima mwake.

Dzanja lija mwalitchula ndi limene linamenya Yesu pamaso pa mkulu wa ansembe, monga alembera Yohane 18:22. Ine ndimaliona kuti ndi chizindikiro cholemera kuposa zonse patsambalo. Lilibe mkono, lilibe nkhope, lilibe dzina. Wopemphera sangaloze munthu wina n'kunena kuti woipa ndi uyo. Alaliki a nthawi imeneyo ankaphunzitsa mosabisa kuti machimo a munthu aliyense ndi amene amamenyanso Khristu, ndiye dzanja lopanda mwini lija linkasiya funso kwa woliyang'ana. Komabe pali choipa chimene sitiyenera kuchibisa. M'zithunzi zambiri, mitu ya anthu olavulira Yesu malovu inkajambulidwa monyoza Ayuda, ndipo zimenezi zinkasonkhezera chidani chimene chinalipo kale. Mzinda wa Nuremberg, umene unali likulu lalikulu la ntchito yosindikiza, unathamangitsa Ayuda ake onse mu 1499. Chithunzi chimodzi chomwecho chinkatha kuphunzitsa munthu wina kudzifufuza mumtima, n'kuphunzitsa wina kuda mnzake.

Kuti timvetse chifukwa chake mapepala amenewa anafala chonchi, tiyenera kukumbukira mmene zinthu zinalili asanabwere. Chithunzi cha Yesu munthu wamba ankachiona pa guwa kapena pakhoma la tchalitchi, ali chapatali. Buku la mapemphero lokhala ndi zithunzi zojambula pamanja, lolembedwa pachikopa, linali la anthu achuma. Zinthu zinasintha pepala litayamba kupezeka mosavuta. Ku Germany, Ulman Stromer anatsegula malo opangira mapepala ku Nuremberg mu 1390, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 amisiri anali atayamba kudinda zithunzi, Gutenberg, woyambitsa makina osindikizira mabuku ku Ulaya, asanasindikize n'komwe Baibulo lake la cha m'ma 1455. Mmisiri ankatenga thabwa losalala, kawirikawiri la mtengo wa zipatso wolimba bwino, n'kujambulapo, kenako n'kusema ndi kampeni malo onse oyenera kukhala oyera, kusiya mizere yokha itatukuka. Akapaka inki, ankaika pepala pamwamba n'kulikhutiza kumsana. Thabwa limodzi linkatulutsa zithunzi mazanamazana. Pambuyo pake wina ankapaka utoto pamanja, ndipo pa zithunzi za masautso utoto wofiira sankaumira: magazi ankawayendetsa kuchokera m'mutu mpaka m'chiuno. Amisiri osula golide nawonso anayamba kuzokota zithunzi pa mkuwa, zimene zinkatuluka ndi mizere yosalala kwambiri. Martin Schongauer wa ku Colmar, amene anamwalira mu 1491, ndi mmodzi mwa akatswiri a luso limeneli. Zithunzi zotsika mtengo zinkagulitsidwa m'misika, pa zipata za matchalitchi ndi kumalo kumene anthu ankapita pa maulendo achipembedzo.

Pepala lokha silikanakwanira pakanapanda njala ya mumtima. M'zaka zimenezo munali chilakolako chachikulu choti munthu azipemphera payekha m'chipinda mwake, osangodalira Misa ya Chilatini imene ambiri sankaimva. Ku Netherlands kunabuka gulu lotchedwa Devotio Moderna, loyambitsidwa ndi Geert Groote wa ku Deventer amene anamwalira mu 1384, ndipo m'gulu limeneli ndi mmene munatuluka buku la Thomas à Kempis lonena za kutsanza Khristu. Buku lina lotchuka, la Ludolph wa ku Saxony lofotokoza moyo wa Khristu, linkalangiza wowerenga kuti azidziika pamalo pomwe zinthuzo zinkachitikira, ngati akuona ndi maso ake ndi kumva ndi makutu ake. Amene anayesapo kupemphera motere akudziwa kuti maganizo sachedwa kuthawira kumunda, ku ngongole kapena kwa mwana wodwala. Kachithunzi kam'manja kankabweza maganizo aja pamalo pake.

Pali mawu a Papa Gregory Wamkulu, a cha m'ma 600, amene amabwerezedwa kawirikawiri, onena kuti zithunzi ndi mabuku a anthu osadziwa kuwerenga. Ndi oona, koma sakwanira kufotokoza mapepala amenewa, chifukwa ambiri mwa amene ankawakonda anali anthu odziwa kuwerenga bwino lomwe. Masisitere ankawasokerera ndi ulusi m'mabuku awo a mapemphero. Jacopo Rubieri, mlembi wa zamalamulo wochokera ku Parma, ankawamata m'mabuku ake a milandu, ena akuwadula m'mbali ndi kuwadetsa kumbuyo ndi inki kuti munthu wojambulidwayo aoneke bwino, ndipo mabuku ake akusungidwa mpaka pano ku Biblioteca Classense ku Ravenna. Ena ankamata chithunzi kunsi kwa chivindikiro cha bokosi la paulendo kuti akangotsegula azikumana nacho. Ena ankachikhomera pakhoma pafupi ndi bedi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi buku laling'ono la ku England, la cha m'ma 1480 kapena 1490, limene lili ku British Library pa nambala ya Egerton 1821. Masamba ake oyamba anawapaka utoto wakuda n'kudonthezapo madontho ofiira, ndipo masamba ena ndi ofiira okhaokha, odzaza ndi timadontho tosawerengeka toimira mabala a Khristu. Pakati pa masamba amenewa anamatapo zithunzi zodinda, chimodzi cha Munthu wa Zisoni atazunguliridwa ndi zida zija. Pa tsamba lina lakuda utoto unafufutika, ndipo akatswiri amati n'chifukwa cha kupsompsona ndi kusisita kwa mwini bukulo. Apa mukuona kuti chithunzi sichinali chokongoletsera nyumba. Chinkagwiridwa, kupindidwa, kunyowa ndi misozi ndi thukuta, mpaka kutha. N'chifukwa chake zithunzi zambiri zoyambirira zimene zatsala lero ndi chimodzichimodzi pa mazana amene anadindidwa, ndipo zinapulumuka chifukwa wina anazimata m'kati mwa chikuto cha buku. Zimene zinkakondedwa kwambiri ndi zimene zinatha msanga.

Tsopano tifike pa chithumwa. Sindikukanirani, Mayi, chifukwa mbali ina mwalasa. Chithunzi chotchuka cha Christopher Woyera, chimene chinapezeka m'buku la amonke a ku Buxheim ndipo pano chili ku John Rylands Library ku Manchester, chili ndi chaka cha 1423, ngakhale akatswiri ena amati chinadindidwa zaka zingapo pambuyo pake. Chikuonetsa chimunthu chachikulu chikuwoloka mtsinje chitasenza mwana Yesu paphewa, ndipo mawu a m'munsi akulonjeza kuti tsiku limene wayang'ana nkhope ya Christopher sudzafa imfa yoipa. Imfa yoipa inali imfa yadzidzidzi, yofa munthu usanalape ndi kulandira masakramenti. Anthu amenewa ankakhala m'mizinda imene mliri, kuyambira uja wa 1347 mpaka 1351, unkabwerabwera n'kusesa mabanja athunthu. Mantha awo ndimawamvetsa ndipo sindiwaseka. Koma lonjezo loti kungoyang'ana pepala kukuteteza tsiku lonse silisiyana kwenikweni ndi zimene inu mukuzitcha chithumwa.

Panalinso zithunzi za bala la m'nthiti lokha, lojambulidwa ngati diso lofiira loimirira, zolembedwa kuti uwu ndiwo muyeso weniweni wa bala la Khristu, ndi kuti kamtanda kojambulidwa m'kati mwake mukakayeza maulendo 40 mupeza msinkhu wa Yesu. Wopsompsona balalo modzipereka ankalonjezedwa chitetezo. Ku Nuremberg, kumene mkondo umene ankakhulupirira kuti ndi womwe unabaya Yesu unkaonetsedwa kwa anthu chaka chilichonse kuyambira 1424 mpaka 1523, kunkapezeka tizithunzi ta mtima tong'ambidwa pakati, timene ankati tabooledwa ndi mkondo womwewo. Ndipo ku Forlì, ku Italy, sukulu ina itapsa mu February 1428, chithunzi chodinda cha Mariya ndi mwana wake chimene chinali pakhoma chinapezeka chosapsa. Anthu anachitengera ku tchalitchi chachikulu cha mzindawo, kumene chikulemekezedwa mpaka lero ndi dzina loti Madonna del Fuoco.

Zaka masauzande zija mwaziona zili ndi mbiri yakeyake. Ku Rome, m'tchalitchi cha Santa Croce in Gerusalemme, muli kachithunzi kakang'ono ka Munthu wa Zisoni kopangidwa ndi timiyala, kochokera ku mpingo wa Kum'mawa, ka cha m'ma 1300. Kunafala nkhani yoti Papa Gregory akuchita Misa, Khristu anamuonekera pa guwa ali ndi mabala ake, ndipo Papayo analamula kuti ajambule zimene anaonazo. Gregory anamwalira mu 604, zaka pafupifupi 700 kachithunziko kasanapangidwe, ndiye nkhaniyi singakhale yoona, koma inapatsa chithunzicho ulemu waukulu. Anthu ankakhulupirira kuti wopemphera pamaso pake, atalapa kale machimo ake, amachepetseredwa zaka za chilango cha ku purigatoriyo, kumene Akatolika amakhulupirira kuti mizimu imayeretsedwa isanalowe kumwamba. Zithunzi zina za ku England za cha m'ma 1490 zimanena kuti wonena Atate Athu kasanu, Tikuoneni Maria kasanu ndi Ndikhulupirira kamodzi, akuyang'ana zida za masautso mwachisoni, alandira zaka 32,755. Israhel van Meckenem wa ku Bocholt, amene anazokota zithunzi zoposa 600 asanamwalire mu 1503, anali ndi chithunzi cholonjeza zaka 20,000, ndipo pochidindanso anakweza chiwerengerocho kufika pa 45,000. Apa palibe chobisa: anali malonda, ndipo ankadyera pa mantha a anthu.

Komabe onani mawu a ku England aja. Sakunena kuti ingokhala nacho chithunzichi m'thumba. Akunena kuti upemphere, uyang'ane, umve chisoni. Ndi pamenepa pamene ine ndimasiyanitsa zinthu ziwirizi. Chithumwa chimati chigwira ntchito ngakhale mwiniwake ali m'tulo, ndipo sichifunsa za mtima wake. Chithunzi cha Munthu wa Zisoni, chikagwiritsidwa ntchito monga aphunzitsi a mapemphero ankafunira, chinkapatsa munthu ntchito yolemetsa: kukumbukira, kulapa, kusintha. Pepala limodzi lomwelo wina ankalisandutsa chithumwa, wina ankalisandutsa sukulu ya pemphero, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu ambiri ankachita zonse ziwiri, malinga ndi mmene tsikulo lawachera.

Odzudzula analipo Martin Luther, woyambitsa kukonzanso mpingo ku Germany, asanayambe n'komwe. Erasmus, katswiri wa maphunziro wa ku Netherlands, m'buku lake lotuluka mu 1511, anadzudzula anthu okhulupirira kuti akaona chifanizo cha Christopher sangafe tsiku limenelo. M'chaka chomwecho wojambula Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anatulutsa kabuku ka masautso a Yesu ka zithunzi 37, chilichonse chosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, kokhala ndi ndakatulo za Chilatini za mmonke Benedictus Chelidonius. Pa tsamba loyamba Yesu wakhala yekha pamwala, chisoti chaminga kumutu, nkhope itagwera m'dzanja, mapazi obooka ali poyera. Palibe zaka zolonjezedwa, palibe chitetezo cha tsiku limodzi. Mawu a m'munsi ndi a Yesu mwini, akufunsa wowerenga ngati sikunakwane kuti anavutika kamodzi chifukwa cha iye, ndi kumupempha kuti aleke kumupachikanso ndi machimo atsopano. Kwa ine tsamba limeneli ndi pamene mwambo wonsewu unafika pachimake, chifukwa mfundo ya dzanja lopanda mwini lija yanenedwa poyera. Dürer nayenso anali wamalonda, mkazi wake Agnes ankagulitsa zithunzi zake m'misika ikuluikulu, koma chimene ankagulitsa apa chinali chothandizira kusinkhasinkha basi.

Funso lanu la mafano, lochokera pa Eksodo 20:4, linaphulika patapita zaka pafupifupi khumi. Mu 1522 Andreas Karlstadt, mphunzitsi mnzake wa Luther, analemba ku Wittenberg kuti zifanizo zichotsedwe m'matchalitchi. Luther anabwerera mumzindawo mu March chaka chomwecho n'kulalikira motsutsa kuphwanya zinthu mwachiwawa. Iye ankati fano liyenera kuchotsedwa kaye mumtima, ndipo likachoka mmenemo chithunzi cha pakhoma sichivulaza munthu. Mu 1525 analembanso kuti akamva za masautso a Khristu, afune asafune, mumtima mwake mumaoneka munthu wopachikidwa pamtanda, ndiye sankaona chifukwa choti chimene chili chololedwa mumtima chikhale tchimo m'maso. Mu 1529 anaika zithunzi zodinda 50 m'kabuku kake ka mapemphero. Chimene anakana kotheratu ndi malonjezo a zaka aja. Ku Zurich, ku Switzerland, kumene kunali mlaliki Zwingli, zifanizo zinachotsedwa m'matchalitchi mu 1524, ndipo Calvin ku Geneva anatsata njira yomweyo. Ngati munakulira mu CCAP, makoma oyera a tchalitchi chanu anachokera ku mbali imeneyi ya mkangano, kudzera mwa amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1875 ndi 1876 ndi a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Ku England kuli zithunzi za Munthu wa Zisoni zimene eni ake anafufuta mawu a chikhululukiro m'munsi, koma Yesu ndi zida zake n'kuzisiya osazikhudza.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent mu December 1563. Unagamula kuti zithunzi zisungidwe ndi kulemekezedwa, koma unanenetsa kuti mulibe umulungu kapena mphamvu iliyonse m'kati mwake, kuti munthu asaike chikhulupiriro chake pa izo, ndi kuti ulemu woperekedwa umapita kwa amene wajambulidwayo. Unalamulanso kuti zikhulupiriro zamatsenga ndi kudyerapo phindu zichotsedwe. Mukaika mawu amenewa pambali pa lonjezo la Christopher wa ku Buxheim, muona kuti nawonso maepiskopi anavomereza kuti zinthu zinali zitapitirira muyeso.

Zitatero ntchito yodinda zithunzi za mapemphero inakula kwambiri ku Antwerp, kumene abale atatu a banja la Wierix anazokota tizithunzi tambirimbiri tating'ono. Mu 1593 kunatuluka buku la Jerome Nadal, wansembe wa chipani cha Jesuit, la zithunzi 153 za moyo wa Yesu, chilichonse chili ndi zilembo A, B, C zotsogolera maso a wopemphera kuchoka pa chochitika china kupita pa china, monga chala chija chinkayendera pa zida za masautso. Amishoni analinyamula bukuli kupita nalo kutali, ndipo ku China zithunzi zake zinasemedwanso pa matabwa ndi amisiri a komweko m'buku limene Giulio Aleni anatulutsa mu 1637. Tizithunzi timene Akatolika amaika m'mabuku awo a mapemphero masiku ano tinachokera mu mzere umenewu.